Mwana Wapaulendo Akagwidwa ku Mzuzu, Amagona Kuti?

 Nkhani ya lero ikuchokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo ikukhudza ana amene dziko lino limawaona akudutsa koma silinawakonzere pogona pokwanira.

Mu Okutobala 2022, anthu okhala moyandikana ndi nkhalango ya Mtangatanga m'boma la Mzimba anatulukira manda achilendo. Apolisi atafukula anapeza mitembo 25 m'dzenje limodzi, ndipo m'masiku otsatira chiwerengero chinafika pafupifupi 30. Akuluakulu anati anthuwo ayenera kuti anali ochokera ku Ethiopia, ndipo opima mitembo anati anafa chifukwa chobanika. Nthawi yomweyo apolisi anaulula kuti kuyambira Januwale mpaka Seputembala chaka chimenecho anali atagwira anthu 221 olowa m'dziko muno popanda ziphaso, ndipo 186 mwa iwo anali a ku Ethiopia. Aka sikanali koyamba. Mu Juni 2012 boti linagubuduzika pa nyanja ku Karonga, ndipo mitembo 47 inavuulidwa. Mu Malichi 2020, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 64 anapezeka atafera m'kontena ya thiraki yochokera kuno ku Malawi. Opulumuka anali 14 okha.

Akufa amalembedwa m'nyuzipepala, dziko limagwira pakamwa kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Za amoyo sizimveka kwenikweni. Chonsecho pamsewu womwewu pamadutsa anthu chaka chonse, ndipo m'magulu amene apolisi amagwira mumapezeka anyamata osamera ndevu, ana oti akadakhala kwawo bwenzi ali m'kalasi. Galimoto ikaimitsidwa pa rodibuloko usiku, dalaivala n'kuthawira kuthengo, wapolisi amatsala ndi funso limene liyenera kuyankhidwa dzuwa lisanatuluke: mwanayu agona kuti?

Mzuzu sangalithawe funso limeneli. Msewu wa M1 wochokera ku chipata cha Songwe umadzera pa Karonga, n'kukwera zitunda za Chiweta, n'kulowa mumzindawu usanapitirire ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu. Wina wochokera ku Nkhata Bay umathera momwemo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000 mumzinda wa Mzuzu, ndipo ambiri amakhala m'madera othithikana monga Chibavi, Zolozolo, Masasa, Chiputula ndi Mchengautuwa. Ku Mchengautuwa nyumba za lendi n'zambiri, alendo amalowa ndi kutuluka mwezi uliwonse, ndipo nkhope yatsopano pa kiyosiki ya madzi siidabwitsa munthu. M'dera lotere mwana wosochera angathe kupeza mayi wachifundo womupatsa phala m'mawa woyamba. M'dera lomwelo wozembetsa anthu angathe kutsekera gulu lonse m'nyumba ya mpanda kwa masiku, oyandikana nawo osadziwa kanthu.

Ana apaulendo sali a mtundu umodzi, ndipo aliyense wofuna kuwasunga ayenera kuyambira pamenepa. Alipo a ku Ethiopia, ambiri ochokera kummwera kwa dzikolo, m'madera a Hadiya ndi Kembata, kufupi ndi matauni a Hosaena ndi Durame. Amadzera pa Moyale kulowa ku Kenya, kenako Tanzania, Malawi, Mozambique, maso ali ku South Africa kumene achibale awo ali ndi timagolosale. Alipo a ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, othawa nkhondo kapena chipwirikiti, amene amafikira ku Karonga asanatumizidwe ku kampu ya Dzaleka ku Dowa. Kampuyi inatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende ya andale, inakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000, koma lero mukukhala anthu oposa 50,000.

Ndiye pali gulu lachitatu, limene Amalawi sakonda kulitchula kuti ndi la ana osamuka, chifukwa ndi ana awo omwe. Awa ndi ana a ku Mulanje, Phalombe, Machinga ndi Mangochi amene kwa zaka zambiri akhala akubwera ndi makolo kapena amalume kudzalima fodya m'maesiteti a ku Mzimba ndi Rumphi. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma lamulo silinathetse njala imene imachotsa banja pamudzi. Fodya akagulitsidwa, mwini munda n'kudula ngongole ya chimanga, mchere ndi feteleza, banja limatha kutsala chimanjamanja, ndipo mwana wamkulu amatsikira mutauni kukafuna ganyu. Palinso atsikana otengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, n'kudzasanduka antchito a m'nyumba osalipidwa. Palinso olowera ku Joni. Mu Julayi 2016 apolisi a ku South Africa anaimitsa galimoto yonyamula katundu kufupi ndi Rustenburg, ndipo kumbuyo kwake anapezamo ana ndi achinyamata a ku Malawi 57, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 11. Mmalawi amene amafuna kuti ana amenewo asamalidwe bwino kudziko la eni ali ndi chifukwa chokwanira chosamalira mwana wa ku Hosaena wogwidwa pa Ekwendeni.

Pa pepala, malamulo a dziko lino si oipa. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 limati mwana wosowa chisamaliro atengeredwe kumalo achitetezo, ndipo nkhani yake ifike ku khoti la ana pasanathe maola 48. Lamulo lomwelo limaletsa kuika mwana m'ndende. Lamulo lothana ndi kuzembetsa ndi kugulitsa anthu la 2015 limaika chilango cha zaka zofika 21 kwa wozembetsa mwana, ndi moyo wonse m'ndende ngati mlanduwo uli woipitsitsa, ndipo limati wozembetsedwayo asaimbidwe mlandu pa zimene zachitika chifukwa cha kuzembetsedwako. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Palibe pamene malamulowa amati chitetezo chimenechi n'cha ana obadwira ku Malawi okha.

Koma pambali pa malamulo atsopanowa pali lina lakale, la olowa ndi kutuluka m'dziko la 1964, limene limaona munthu wopanda chiphaso ngati wolakwa woyenera kusungidwa mpaka atabwezedwa kwawo. Malo achitetezo akasowa, lamulo lakaleli ndi limene limapambana, chifukwa chitokosi chilipo kale ndipo sichifuna bajeti yatsopano. Mu 2015 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anadandaula poyera za anthu mazana a ku Ethiopia amene anali mu ndende ya Maula ku Lilongwe, ambiri atatsiriza kale chilango chawo koma akusowa ndalama yobwerera, ena atawonda ndi njala. Bungwe la IOM linathandiza kuwabweza kwawo chaka chomwecho, ndipo pakati pawo panali ana. Mu Meyi 2023, pamene boma linkakakamiza othawa kwawo okhala m'matauni kubwerera ku Dzaleka, mabanja anasungidwanso ku Maula, ana ali nawo limodzi. Ndipo mu 2024 Khoti Lalikulu ku Mzuzu, pa mlandu wa anthu a ku Ethiopia amene anakhalitsa mu ndende ya mumzindawu, linanena kuti munthu woyembekezera kubwezedwa kwawo asasungidwe mopitirira masiku 30. Mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre ndi amene anathandiza kuti nkhaniyi ifike pamaso pa woweruza. Chigamulo n'chabwino, koma woweruza sapereka bulangete.

Mpata umenewu, wa pakati pa chitokosi ndi kwawo kwa mwana, ndi umene mabungwe omwe si a boma akhala akuyesa kutseka. Ku Mzuzu, a St John of God, amene anafika mumzindawu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo amadziwika kwambiri ndi chithandizo cha matenda a maganizo, ali ndi pologalamu ya Umoza yothandiza ana a m'misewu kubwerera kusukulu ndi kumabanja. Ku Mchinji, a Salvation Army ali ndi malo olandirira ana opulumutsidwa m'minda ya fodya ndi kuubusa wa ng'ombe, ena atawolotsedwa kale kupita ku Zambia. Ku Lilongwe kuli Tikondane, imene inayambitsidwa ndi masisitere a Chikatolika, ndipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli Chisomo Children's Club. Ambiri mwa malowa anakhazikitsidwa poganizira ana a Chimalawi. Luso lawo, komabe, ndi lomwe likufunika kwa mwana wochokera kunja: kulandira, kumvetsera, kufufuza kwawo, ndi kumuperekeza.

Anthu ambiri akamva za nyumba yosungirako ana amaganiza za njerwa, malata ndi chikwangwani. Amene anayendetsapo nyumba yotere amadziwa kuti njerwa ndi gawo losavuta. Ntchito yeniyeni imayamba usiku woyamba.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zinayi ku Mchengautuwa, ndipo cha m'ma 11 koloko usiku, mwezi wa Juni, galimoto ya apolisi yaima pageti ndi anyamata asanu. Aliyense wodziwa kuzizira kwa Mzuzu m'nyengo imeneyi akudziwa kuti choyamba ndi madzi otentha, zovala zouma ndi bulangete. Chachiwiri ndi chakudya, koma chopatsa mwanzeru, chifukwa mimba imene yakhala masiku yopanda kanthu siilandira nsima yolimba ndi nyemba nthawi imodzi. Phala lamadzimadzi ndi tiyi zimatsogola. Mwana wa kummwera kwa Ethiopia anakulira kocho, chakudya chochokera ku chomera chofanana ndi nthochi chotchedwa enset, komanso injera, ndipo nsima angayambe waiyang'ana kaye. Wophika wozindikira sakhumudwa nazo. Amaika mpunga kapena buledi pambali, n'kufunsanso ngati pali Msilamu kapena wina wosala zakudya zina. M'mawa kukacha pamafunika wachipatala: malungo, mphere, zilonda za kumapazi, chifuwa chachikulu, ndipo kwa atsikana ngakhalenso anyamata, mafunso ovuta a zimene anachitidwa panjira, amene amafunsidwa ndi munthu wophunzitsidwa, pamalo obisika, kamodzi kokha ngati n'kotheka. Mwana wofotokozera nkhanza imodzimodziyo kwa wapolisi, kwa namwino, kwa a Social Welfare, kwa mtolankhani ndi kwa mlendo wobweretsa thandizo amavulazidwa kasanu.

Kenako pali kaundula, ndipo apa ndi pamene tsogolo la mwana limakonzeka kapena kuonongeka. Ambiri safika ndi chikalata chilichonse. Wolemba akafunsa chaka chobadwa, mnyamata wa ku Ethiopia angayankhe moona mtima kuti 2002. Wosadziwa amawerengetsa n'kunena kuti uyu ndi bambo wa zaka zoposa 20, apite kwa akuluakulu anzake. Koma dziko la Ethiopia lili ndi kalendala yakeyake, ya miyezi 13, imene chaka chake chimayamba mu Seputembala ndipo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8 poyerekeza ndi yathu. Chaka cha 2002 kumeneko ndi 2009 kapena 2010 kuno. Kusadziwa kanthu kamodzi kameneka kungathe kulowetsa mwana mu ndende ya akuluakulu. Mainanso ali ndi dongosolo lawo: dzina lachiwiri si la banja monga tidziwira kuno, koma ndi dzina loyamba la bambo ake, ndipo lachitatu ndi la agogo ake aamuna. Wofufuza abale akalemba mosokoneza, kalata yake ikafika ku Addis Ababa siipeza munthu.

Chinenero ndiye phiri lina. Ku Mzuzu Chitumbuka, Chichewa, Chitonga ndi Chingerezi zimamveka paliponse, ndipo Chiswahili sichisowa, makamaka ku msika wa Taifa. Mwana wa ku Congo kapena Burundi amapeza womumva. Koma wa ku Hadiya mwina ngakhale Chiamhariki amachilankhula mopereweza. Chiyeso chimene chimabwera n'chakuti m'gulu lomwelo mumapezeka mmodzi wodziwa Chingerezi pang'ono, ndipo onse mitima imakhala pansi kuti womasulira wapezeka. Woyang'anira nyumba wochenjera amayamba wadzifunsa chifukwa chimene munthu ameneyu yekha akudziwa njira, mitengo ndi Chingerezi. Si kawirikawiri kuti wotsogolera gulu adzilembetse yekha kuti ndi wozembetsa. Womasulira ayenera kuchokera kunja kwa gululo, ngakhale zitatanthauza kulankhula naye pa foni ali ku Dzaleka kapena ku Lilongwe, ndipo ayenera kulipidwa ndi kulumbira kusunga chinsinsi.

Nkhani ya geti imagawanitsa ngakhale ogwira ntchito okhaokha. Ana ambiri ochokera ku Ethiopia sanabedwe. Makolo awo anagulitsa ng'ombe kapena kupinyolitsa munda kuti alipire ulendo, ndipo m'bale wa ku Johannesburg kapena Durban akudikira. Kwa mwana wotere, nyumba yachitetezo ndi chopinga panjira, ndipo wozembetsa, amene salandira ndalama yotsala mpaka katundu wake atafika, amayesetsa kumupeza. Pamabwera munthu wovala bwino wodzitcha malume. Pamabwera uthenga kudzera mwa mlonda. Ena amati yankho ndi loko ndi waya waminga. Koma nyumba ikatsekedwa chotero yasanduka ndende yopaka penti yowala, ndipo mwana amene wadutsa malire atatu sangalephere kudumpha mpanda wa ku Mchengautuwa. Chimene chimamusunga ndi kuuzidwa zoona: kuti nkhani yake ili pati, adzaonana ndi ndani Lachiwiri, angasankhe chiyani, ndiponso zimene zinachitika ku Mtangatanga ndi ku Tete. Foni nayo isalandidwe ngati chilango. Mayi amene ali ku Durame sanagone kwa miyezi, ndipo mawu ake, pamaso pa wogwira ntchito womvetsera, amatha kukhazika mwana pansi kuposa mlonda aliyense. Ena adzathawabe. Chikachitika chimenecho, nyumba yabwino imadziwitsa apolisi tsiku lomwelo ndipo siibisa chiwerengero poopa opereka thandizo.

Ogwira ntchito m'nyumba zotere ndi anthu amene dziko siliwayamika mokwanira. Mayi wolera ana amadzuka usiku mwana akamakuwa kutulo, amachapa zofunda zokodzeredwa ndi mnyamata wa zaka 15 popanda kuuza anzake, ndipo pakutha pa mwezi malipiro ake amatha kuchedwa. Komabe chifundo chokha si chiphaso cholowera ntchito imeneyi. Pamene pasonkhana ana osowa owayankhulira, pamakopekanso anthu a zolinga zoipa, a kuno komanso ochokera kunja. N'chifukwa chake aliyense, kuyambira mkulu wa bungwe mpaka wodula udzu, ayenera kufufuzidwa mbiri yake kupolisi, kusaina malamulo otetezera ana, ndi kudziwa kuti wamkulu satsekera m'chipinda ndi mwana awiriwiri. Anyamata ndi atsikana agone kosiyana, ang'ono asasakanizidwe ndi akulu, ndipo pakhale njira yoti mwana adandaule kwa munthu wakunja, osati kwa yemwe akumudandaulayo. Nkhope za ana zisaikidwe pa Facebook popempha ndalama. Wozembetsa nayenso ali ndi foni.

Tifike pa ndalama. Opereka thandizo amakonda chinthu chooneka: nyumba yoti adule riboni, galimoto yolembedwa dzina lawo. Koma zimene zimasunga mwana n'zosajambulika: lendi, mayunitsi a ESCOM, bilu ya Northern Region Water Board, thumba la makala magetsi akazima, usipa, sopo, zovala za pa kaunjika, mayunitsi a foni yoimbira kunja, ndi mafuta a galimoto yopita ku Phalombe kukaona ngati kwawo kwa mwana kuli koyenera kubwererako. Bajeti yolembedwa mu Januwale imatha kukhala pepala chabe pofika Disembala. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya chimanga ndi mafuta inatsatira. Mu 2023 bungwe la WFP linadula ndi theka thandizo la chakudya ku Dzaleka chifukwa chosowa ndalama. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo mapologalamu ambiri m'dziko muno anaima mwadzidzidzi. Pulojekiti yobzala mitengo ikhoza kudikira miyezi itatu. Nyumba imene muli ana 20 singadikire ngakhale chakudya chamadzulo chimodzi.

Choncho woyendetsa nyumba wanzeru satsamira khoma limodzi. Amasunga ndalama yapadera ya miyezi ingapo, amagula chimanga nthawi yokolola, amalima dimba kuseri, ndipo amapanga ubale ndi mipingo, mizikiti ndi amalonda a mumzinda momwemo, chifukwa thumba la mpunga wa ku Karonga lochokera kwa wogulitsa wa pa Zigwagwa silidalira zisankho za ku Washington. Amalembetsa bungwe lake ku NGORA, yoyang'anira mabungwe omwe si a boma, amalandira chilolezo ku unduna woona za ana, ndipo mabuku ake a ndalama amaonedwa ndi owerengetsa akunja chaka ndi chaka. Izi si zokondweretsa boma chabe. Dziko lino laonapo malo osungira ana amene ankasonkhanitsa ana okhala ndi makolo amoyo pofuna kukopa thandizo, ndipo chinyengo cha ochepa chimatsekera zitseko onse. Boma nalo lisabisale kumbuyo kwa mabungwe. Mwana wopezeka m'dziko muno ali m'manja mwa boma, ndipo thumba la ndalama lothandizira ozembetsedwa, limene lamulo la 2015 linakhazikitsa, liyenera kufika pa mbale ya mwana ku Mzuzu, osati kuthera m'misonkhano ya kunyanja.

Komano nyumba yosungira ana imayesedwa ndi khomo lotulukira. Mlimi wa fodya ku Rumphi amadziwa kuti nazale ndi yofunika, koma mbande zikakhalitsamo zimatalika n'kufooka, osagwiranso m'munda. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litayendera malo osungira ana m'dziko lonse linapeza ana opitirira 10,000 mu 2014 ndi opitirira 8,000 mu 2017, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi kholo kapena wachibale wamoyo. Chimene chinawabweretsa kumeneko kwenikweni ndi umphawi. Malangizo a United Nations a 2009 okhudza ana osaleredwa ndi makolo awo amanena zomwezo, kuti malo osungira ana akhale njira yomaliza ndiponso ya kanthawi. Tsono ndondomeko yotulutsira mwana imayamba kulembedwa mlungu woyamba, osati ndalama zikatha.

Kwa mwana wa Chimalawi njira imadziwika, ngakhale ndi yotopetsa. Amatchula mudzi, mfumu, sukulu kapena tchalitchi. A Social Welfare a ku Mzuzu amalumikizana ndi anzawo a boma la kwawoko, wogwira ntchito yoteteza ana m'deralo amapita kukaona pakhomo, ndipo mwana amaperekezedwa, osangokwezedwa basi ndi kapepala m'thumba. Chovuta n'chakuti nthawi zina amene anamupereka kwa wozembetsa ndi malume ake enieni. Kumubweza pakhomo pomwepo popanda kusintha kanthu ndi kumukonzera ulendo wachiwiri. Banja lifunika kulumikizidwa ku Mtukula Pakhomo kapena ku banki m'khonde, mwana alembetsedwe sukulu, mfumu idziwe, ndipo pakapita miyezi wina abwererenso kukaona. Ulendo wobwereza umenewu ndi umene umayamba kudulidwa bajeti ikafinyika, chonsecho ndi umene umaonetsa ngati ntchito yonse inaphula kanthu.

Kwa mwana wakunja mafunso amachuluka. Ngati anathawa nkhondo, kumubweza n'koletsedwa, ndipo nkhani yake imapita ku nthambi ya boma yoona za othawa kwawo ndi ku UNHCR. A Red Cross ali ndi ntchito yolumikizanitsa mabanja osiyana chifukwa cha nkhondo ndi kusamuka. A IOM amathandiza ofuna kubwerera mwakufuna kwawo, koma pamafunika chikalata choyendera kuchokera ku boma la kwawo, tikiti ya ndege, ndi wina womulandira uko, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Pa miyezi imeneyo mwana asangokhala pakhonde kuwerenga magalimoto. Aphunzire Chingerezi ndi masamu, asewere mpira ndi ana a m'deralo, agwire ntchito zapakhomo monga mwana aliyense. Ndipo asananyamuke, pakhale wolankhula ndi makolo ake za munda unapinyolitsidwa uja, chifukwa manyazi obwerera chimanjamanja ndi amene amabwezera anyamata ambiri pamsewu womwewo.

Apa ndi pamene dera ngati Mchengautuwa lili ndi chuma chimene bungwe lililonse silingagule. Kulera mwana wa wina si kwachilendo kuno. Nyumba zambiri zili kale ndi mwana wa mlongo, wa mlamu kapena wa mnansi womwalira. Anthu achikulire akukumbukiranso kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1990 dziko lino linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ambiri m'midzi momwe, pakati pa eni nthaka. Chikhalidwe chimenechi chikhoza kuikidwa m'dongosolo: mabanja osankhidwa bwino, ophunzitsidwa, ovomerezedwa ndi khoti la ana, olandira kangachepe ka chakudya ndi sopo, ndiponso oyenderedwa kawirikawiri. Mtsikana wa zaka 9 wochokera ku Uvira, ku Congo, amachira msanga pakhomo pamene pali mayi mmodzi womudziwa dzina kusiyana ndi m'chipinda cha mabedi 30. Kuyendera n'kofunika zedi, chifukwa kulera kosayang'aniridwa kumasanduka msanga ntchito ya m'nyumba yaulere, yomwe ija mwanayo anapulumutsidwako. Ndipo nyumba imene imadyetsa alendo nyama pamene ana a nyumba yoyandikana akugona ndi njala imadzipalira udani. Mabungwe ochenjera amatsegulira ana a m'deralo bwalo la masewera, kalasi ya masana ndi phala.

Maso oyamba si a bungwe kapena a boma. Ndi a wakabaza amene ku Mzuzu amamutcha wa sakaramento, woitanira pa depoti, mayi wogulitsa madzi pa kiyosiki, mwini nyumba amene walandira lendi ya miyezi itatu kwa munthu wosafuna kufunsidwa mafunso, ndi buloko lida amene amadziwa geti limene limatsegulidwa usiku wokha. Anthu amenewa akaona mwana wosamva chinenero chilichonse cha kuno, kapena mtsikana wantchito wosatuluka pakhomo, ali ndi kokanena: nambala yaulere ya 116, imene a YONECO amayendetsa mogwirizana ndi boma, ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, kapena a Social Welfare. Ambiri amakhala chete poopa kuti mwanayo akangothera m'chitokosi, ndipo mantha awo ali ndi maziko.

Chofunika tsono n'chakuti khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, apolisi, a Immigration, a Social Welfare, khoti la ana, chipatala chachikulu cha Mzuzu ndi mabungwe akhale pansi n'kulemba pangano limodzi lomveka: mabedi angati ali okonzeka usiku uliwonse ndipo ali kuti, nambala iti imayankhidwa pakati pa usiku, ndani amasaina polandira mwana, womasulira Chiamhariki ndi Chihadiya apezeka bwanji, ndipo chakudya cha mlungu woyamba alipira ndani. Pepala limenelo lipachikidwe pa rodibuloko iliyonse kuyambira ku Songwe mpaka ku Jenda, ndipo buloko lida aliyense wa ku Mchengautuwa akhale nalo lake.